Dzuwa padenga la sitima: zooneka pa doko la Durban

M'bandakucha, munthu akaima pa mchenga wa gombe la Durban ndi kuponya maso kum'mawa, amaona mzere wa nyali patali pamadzi. Mlendo wongofika kumene angaganize kuti kutsidyako kuli mudzi wina. Koma pano palibe tsidya limene diso lingalione, pakuti iyi ndi nyanja yamchere ya Indian Ocean. Nyalizo ndi za sitima zimene zaponya anangula, kudikira kuti zipatsidwe malo okocheza pa doko. Zimayaka usiku wonse, ndipo dzuwa likatuluka zimazimirira m'maso, koma makina amene amaziyatsa sazima. Kaya sitima yaima tsiku limodzi kaya mlungu wathunthu, m'mimba mwake mumakhala injini imene ikumwa mafuta, ndipo kautsi kake kamaoneka kakukwera mwakachetechete kuchokera pa chumuni.

Kuchokera pa gombelo, msewu wa anthu oyenda pansi umatsika chakummwera, kudutsa pa uShaka Marine World, mpaka kukathera pa khomo la doko, pamalo otchedwa Point. Apa ndi pabwino kuimapo. Kutsidya kwa khomolo kuli chitunda chachitali chobiriwira chotchedwa Bluff, ndipo pamwamba pake pali nsanja imene akuluakulu a doko amaonerapo sitima zolowa ndi zotuluka. Sitima yaikulu siloledwa kulowa yokha. Katswiri wodziwa bwino njira za m'dokoli amakaichingamira kunja, nthawi zambiri pa helikopita, ndipo maboti afupiafupi koma anyonga amaikankha ndi kuikoka monga m'mene anyamata amalowetsera ng'ombe yaliuma m'khola. Oweza nsomba amene akhala pa miyala sadzutsa n'komwe mutu. Kwa iwo zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku.

Doko la anthu akumtunda

Azulu amatchula malowa kuti eThekwini. Vasco da Gama anadutsa m'mbali mwa gombeli pa nyengo ya Khirisimasi mu 1497 ndi kulitcha Natal, ndipo dzina lakuti Durban linabwera mu 1835, polemekeza bwanamkubwa Benjamin D'Urban. Kwa zaka zambiri khomo la doko linali lotsekeka ndi mchenga, kotero kuti sitima zikuluzikulu zinkatsitsira katundu kunja. Mu 1904, atakumba mchengawo, sitima yonyamula makalata ya Armadale Castle inalowa mpaka mkati, ndipo mu 2010 anamaliza kukuza khomolo kuchoka pa mamita pafupifupi 120 kufika pa mamita oposa 200. Lero dokoli, limene limayendetsedwa ndi kampani ya boma ya Transnet, ndilo limalandira makontena ambiri kuposa madoko ena onse a m'dziko la South Africa.

Mlimi wa ku Kasungu, ku Chipata kapena ku Angónia angafunse kuti zimenezi zikumukhudza bwanji. Zimamukhudza m'thumba. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala zinatsekeka, ndipo pofika 1984 katundu wambiri wa dziko la Malawi anayamba kuzungulira ulendo wa makilomita oposa 2,000 kudzera ku Durban. Nkhondo inatha mu 1992, njira zina zinatsekuka, Dar es Salaam inatenga gawo lake, komabe mpaka lero fodya, tiyi ndi katundu wa m'masitolo wina amadutsa pano. Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan, amene anadzaza misewu ya Blantyre ndi Lusaka m'zaka za m'ma 2000, anaponda nthaka ya Africa koyamba pa doko lino. Mu msewu wa Bayhead, umene umalowera kumalo a makontena, malole amandandalikana, ndipo pakati pa madalaivala odikira sipalephera kumveka Chichewa. Ndalama iliyonse imene sitima yawononga pa mafuta imalowa mu mtengo wa katundu, ndipo womaliza kuilipira ndi munthu wogula pa golosale kumudzi.

Ubale wa Durban ndi anthu akumpoto ndi wakale kuposa malole. Mu 1873 Angerezi anatsitsa pa dokoli anthu amene anawalanditsa m'zombo za ogulitsa akapolo, ambiri mwa iwo Amakua a kumpoto kwa Mozambique. Anthuwa anakhazikika pa Bluff, ndipo pambuyo pake Ayao ochokera ku Nyasaland, amene anabwera kudzafuna ntchito, anapeza pofikira pakati pawo chifukwa cha chipembedzo chimodzi cha Chisilamu. Boma la tsankho linawasamutsira ku Chatsworth kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Makolo awo anawoloka nyanja ndi mphamvu ya mphepo, m'zombo za matanga.

Injini imene sigona

Mwa sitima zonse zimene zimalowa pa khomo la Point, yooneka modabwitsa ndi yonyamula magalimoto. Ilibe maonekedwe a bwato ayi. Imakhala ngati nyumba yosungiramo katundu imene yaganiza zoyandama: makoma ataliatali opanda mawindo, ndi denga lafulati lotalika mamita pafupifupi 200. Mkati mwake muli zipinda zosanjikizana khumi kapena kuposerapo, ndipo magalimoto amalowa ndi kutuluka okha pa mlatho wakumbuyo. Malo okochezapo sitima zotere ali chapafupi ndi Point pomwepo, moyang'anana ndi nyumba zosanja za mumzinda.

Sitima yotere ili ndi makina a mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake ndiko pagona nkhani. Pali injini yaikulu, yotalika ngati nyumba ya nsanjika, imene imazunguza chopalasira madzi kumbuyo. Imeneyi imazimitsidwa sitima ikaima. Ndiye pali majenereta, amene amapereka magetsi a nyali, mafiriji, mapampu, khitchini, makina olankhulirana, komanso mafani aakulu otulutsa utsi wa magalimoto m'zipinda. Amenewa sapuma. Mu Novembala 2023, pamene ntchito inachedwa pa doko chifukwa cha mphepo ndi kuwonongeka kwa makina onyamulira makontena, sitima zoposa 60 zinaunjikana kunja kwa Durban, zina kwa masabata. Palibe ndi imodzi yomwe imene inkayenda, koma zonse zinkatentha mafuta usana ndi usiku.

Utsi umenewo uli ndi eni ake oupuma. Kummwera kwa doko, kuseri kwa Bluff, kuli madera a Wentworth ndi Merebank, kumene boma la tsankho linaika mabanja a anthu osauka pakati pa mafakitale. Kwa zaka makumi angapo anthu a kumeneko akhala akudandaula za mphumu ndi matenda ena a m'chifuwa, makamaka pakati pa ana. Bungwe lawo la South Durban Community Environmental Alliance lakhala likulimbana ndi eni mafakitale komanso mapulani okuza doko, ndipo mtsogoleri wake, Desmond D'Sa, analandira mphotho ya Goldman mu 2014. Mafakitale awiri oyenga mafuta a m'deralo analeka kuyenga: la Engen litaphulika mu Disembala 2020, ndipo la Sapref mu 2022. Koma malole ndi sitima zilipobe. Kwa mayi wa ku Wentworth, funso lakuti jenereta ya sitima ingazimitsidwe kwa maola angati si nkhani ya m'mabuku.

Apa ndi pamene pakubwera mawu akuti haibulidi. Alimi amawadziwa kuchokera ku chimanga: mbewu yobadwa mwa makolo awiri osiyana, yotenga ubwino wa onse. Pa makina tanthauzo lake ndi loyandikana nalo, ndilo chinthu choyendera mphamvu za mitundu iwiri zothandizana. Magalimoto a Toyota Aqua ndi Prius, amene achuluka m'mizinda yathu, ali ndi injini ya petulo komanso batire. Ku Prospecton, kummwera kwa Durban, fakitale ya Toyota inayamba kupanga galimoto ya haibulidi ya Corolla Cross mu 2021. Sitima ya haibulidi nayo imasunga injini yake ya mafuta, koma imawonjezera mabatire, ndipo zina zimayala mapanelo a sola padenga kuti adzaze mabatirewo.

Anayamba kuyesa zimenezi pa sitima yaikulu ndi anthu a ku Japan. Mu Disembala 2008 kampani ya NYK Line inatulutsa Auriga Leader, sitima yonyamula magalimoto oposa 6,000, ili ndi mapanelo 328 opereka makilowati 40. Nyuzipepala zinaitama kwambiri. Koma ataiyesa pa nyanja, zotsatira zake zinali zodzichepetsa: dzuwa linkapereka gawo limodzi mwa magawo 100 a magetsi a m'sitimamo, ndipo poyerekeza ndi mphamvu yoyendetsera sitima, linali gawo limodzi lokha mwa magawo 2,000. Anapezanso vuto limene aliyense wokhala ndi sola pakhomo amalidziwa, lakuti mtambo ukangodutsa magetsi amagwa. Mu 2011 anaikamo mabatire kuti magetsiwo azibwera mosadukiza.

Chaka chotsatira, mu 2012, kampani ya Mitsui O.S.K. Lines inabwera ndi maganizo ena pa sitima yake ya Emerald Ace. Mmalo moyesa kukankha sitima ndi dzuwa, anayala mapanelo 768 opereka makilowati 160, ndi kuika pansi pa sitimayo mabatire osunga mayunitsi 2,200, mayunitsi omwewa amene anthu amagula ku ESCOM kapena ku ZESCO. Pa ulendo wa panyanja dzuwa limadzaza mabatire pang'onopang'ono, monga m'mene banja limadzazira nkhokwe, ndipo cholinga chinali chakuti sitima ikakocheza, majenereta azimitsidwe ndipo idye za m'nkhokwemo. Mafuta opulumutsidwa ndi ochepa poyerekeza ndi a ulendo wonse, koma utsi umene wapewedwa ndi uja ukanagwera pa mzinda. Maganizo amenewa ndiwo anali anzeru, ndipo sanafe. Mu 2024 kampani ya ku Norway ya Höegh Autoliners, imene sitima zake zimafika ku Durban kawirikawiri, inalandira Höegh Aurora, yonyamula magalimoto 9,100, ili ndi mapanelo okuta malo okwana masikweya mita 1,500. Eni ake amanena kuti mapanelowo angachepetse ntchito ya majenereta ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Masamu a padenga

Chifukwa chimene dzuwa silingayendetsere sitima yaikulu chingawerengedwe ndi pensulo kuseri kwa thumba la feteleza. Masana dzuwa lili paliwombo, sikweya mita imodzi imalandira mawati pafupifupi 1,000. Panelo labwino limasandutsa gawo limodzi mwa magawo asanu kukhala magetsi, ndiye kuti mawati 200. Pa tsiku lonse, kuchotsera m'mawa, madzulo ndi usiku, sikweya mita imeneyo imapereka pafupifupi yuniti imodzi. Denga la sitima yonyamula magalimoto, la mamita 200 m'litali ndi 32 m'lifupi, ndi lalikulu ngati munda wa ekala imodzi ndi theka. Litakutidwa lonse ndi mapanelo, osasiya ndi poponda pomwe, lingakolole mayunitsi pafupifupi 6,000 pa tsiku. Kumudzi amenewa ndi magetsi ochuluka zedi, okwanira zigayo, zipatala ndi masukulu angapo. Koma injini yaikulu ya sitimayo, ya makilowati oposa 10,000, ingawameze onsewo ola limodzi lisanathe. Maola 23 otsalawo ndi a mafuta.

Ndipo imeneyi ndi sitima yamwayi, yokhala ndi denga. Munthu akakwera pa Berea, chitunda cha kumadzulo kwa mzinda, ndi kuyang'ana ku Pier 1 ndi Pier 2, amaona kuti sitima za makontena zilibe denga konse. Pamwamba pake pasanjikidwa mabokosi achitsulo amene amachotsedwa ndi kubwezeredwa pa doko lililonse. Sitima zonyamula shuga ndi chimanga ku Maydon Wharf zili ndi zivundikiro zimene zimatsekulidwa popakira, ndipo fumbi la katundu limagwera paliponse. Zonyamula mafuta ku Island View zimaopa kanthu kalikonse kotulutsa moto.

Nyanja yamchere nayonso siichitira chifundo chipangizo cha magetsi. Madzi akathovukira pa panelo ndi kuuma, amasiya mchere umene umatchinga kuwala ndi kudya mawaya. Mbalame za m'nyanja zimasiyaponso zawo. Pamafunika munthu wotsuka ndi madzi abwino, amene pa sitima ndi osowa. Mabatire akuluakulu ndi olemera, ndi odula, amafooka ndi zaka, ndipo akagwira moto savuta pang'ono kuzimitsa. Walira mvula walira matope. Ngakhale thambo la Durban lenilenilo silili mbali ya sola monga m'mene alendo amaganizira: chilimwe chake ndi cha mitambo ndi chinyezi, ndipo masiku owala bwino amabwera m'nyengo yozizira pamene dzuwa lili lofooka. Minda ikuluikulu ya sola ya dzikoli ili kutali, ku chipululu cha Northern Cape.

Ena amati njira yachidule ndi kulumikiza sitima ku magetsi a kumtunda ikakocheza, monga amachitira m'madoko ena a ku California, ku China ndi ku Ulaya. Zimenezi zimayeretsadi mpweya wa pa doko. Koma magetsi ambiri a South Africa amachokera ku malasha otenthedwa ku Mpumalanga, kotero utsi umangosamuka kuchoka pa mutu wa mwana wa ku Wentworth kupita pa mutu wa mwana wa ku eMalahleni. Komanso mu 2023, chaka chomwe sitima zinaunjikana chija, dzikoli linali pa vuto la kuzimazima kwa magetsi kuposa chaka china chilichonse. Waya wa kumtunda umakhala ndi phindu lenileni ngati kumapeto kwake kuli dzuwa kapena mphepo, ndipo pamtunda mapanelo amapeza malo otambalala, otchipa ndi opanda mchere. Mwina malo abwino a sola ya sitima zikuluzikulu ndi padenga la nyumba zosungiramo katundu za pa doko, osati pa sitima penipenipo.

Mphepete mwa msewu wa Margaret Mncadi, umene akale amautchulabe kuti Esplanade, muli nyumba yosungiramo mbiri ya za panyanja ya Port Natal Maritime Museum. Kumeneko kuli boti lokoka sitima lotchedwa Ulundi, lopangidwa mu 1927, limene linkayendera malasha. Pa nthawi yake Durban inali malo otchuka omwetserapo sitima malasha a ku Dundee ndi Newcastle, ndipo amuna ambirimbiri ankawasenza m'madengu. Ntchito imeneyo inatha pamene sitima zinatembenukira ku mafuta, monga m'mene matanga anathera pamene kunabwera malasha. Tsopano kusintha kwina kwayambika. Sitima zimanyamula katundu woposa magawo 80 mwa 100 a malonda a dziko lonse, ndipo zimatulutsa pafupifupi magawo atatu mwa 100 a mpweya umene ukusintha nyengo. Bungwe la United Nations loona za panyanja, la IMO, linalamula kuti kuyambira 2020 sulufule wa m'mafuta a sitima atsike kuchoka pa 3.5 kufika pa 0.5 peresenti, ndipo mu 2023 mayiko anagwirizana zothetsa mpweya woipawo cha m'ma 2050. Koma pofika pa ndalama, mu Okutobala 2025, anakanika kumvana za chindapusa cha sitima zowononga, ndipo anaikankhira nkhaniyo kutsogolo. Anthu a ku Durban safunika kuuzidwa tanthauzo la nyengo yosokonekera. Msonkhano wa dziko lonse wa za nyengo unachitikira mumzinda wawo mu 2011, ndipo mu Epulo 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, anakokolola makontena ngati mabokosi a machesi, anadula msewu wa Bayhead, ndi kuimitsa fakitale ya ku Prospecton kwa miyezi inayi.

Kumene dzuwa limakwanira

Chakumadzulo kwa nyumba ya mbiri ija kuli Wilson's Wharf, kumene kumakocheza maboti ang'onoang'ono oyendetsa alendo m'doko ndi zombo za matanga za anthu opeza bwino. Pa zombo zambiri zoterezi pamaoneka panelo limodzi kapena awiri kumbuyo, oyatsira nyali ndi firiji. Apa masamu aja amatembenuka. Boti likachepa, denga lake limakula poyerekeza ndi kulemera kwake. Ndipo madzi ali ndi lamulo lawo limene wopalasa bwato aliyense amalidziwa m'mapewa: liwiro ndi lodula. Sitima ikachepetsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, mphamvu yofunika imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake makampani a sitima anayamba kuyenda pang'onopang'ono mafuta atakwera mtengo mu 2008, ndipo anapulumutsa mafuta ochuluka kuposa amene mapanelo onse a pa nyanja apulumutsa.

Boti lopepuka ndi losafulumira lingayende ndi dzuwa lokha. Tûranor PlanetSolar, la mamita 31 ndi mapanelo oposa masikweya mita 500, linanyamuka ku Monaco mu Seputembala 2010 ndi kubwerera komweko mu Meyi 2012 litazungulira dziko lonse osamwa ndi dontho lomwe la mafuta. Energy Observer la ku France, limene limaphatikiza dzuwa, mphepo ndi mpweya wa haidulojeni wopangidwa kuchokera m'madzi a m'nyanja, linafika ku South Africa mu 2023 ndi kukocheza ku Cape Town. Koma awa ndi maboti achionetsero, onyamula anthu owerengeka pa mtengo umene boma laling'ono silingaufikire. Chitsanzo chofunika kwa anthu akumudzi chili ku Kerala, m'dziko la India. Kumeneko boti lotchedwa Aditya lakhala likuwolotsa anthu 75 nthawi imodzi pakati pa Vaikom ndi Thavanakkadavu kuyambira mu Januwale 2017. Ulendo wake ndi wa makilomita osakwana atatu, pa madzi abata, ndipo limabwerezabwereza tsiku lonse. Padenga pali mapanelo a makilowati 20, theka chabe la a pa Auriga Leader, koma pano ndiwo mwini ntchito. Usiku mabatire amawonjezeredwa ndi magetsi a kumtunda.

Munthu wodziwa Nyanja ya Malawi akamva zimenezi, maganizo amathamangira kwawo. Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kuyamba ntchito mu 1951, ndi yachitsulo, yolemera, ndipo ulendo wake wa pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba ndi wa masiku. Dzuwa silingaiyendetse, ngakhale lingathandize pa nyali ndi mafiriji pamene yaima ku Nkhata Bay kapena ku Likoma. Koma nyanjayi ili ndi maulendo ambiri aafupi ofanana ndi a Aditya: kuchoka ku Likoma kupita ku Chizumulu kapena ku Cóbuè, kutenga odwala m'midzi ya kumpoto kwa Nkhata Bay kumene msewu sufika, kuwolotsa anthu pa Shire. Madzi ake alibe mchere. Ndipo petulo amene amafika ku gombe amakhala atayenda makilomita mazanamazana pa lole, atagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko likuzisowa. M'zaka za 2022 mpaka 2025, pamene mizere ya magalimoto inkagona pa malo omwetsera mafuta, asodzi ambiri ankagula petulo wa m'zigubu pa mtengo wokwera, kapena kungokokera maboti kumtunda.

Zoyambira zilipo kale. Ku Likoma ndi ku Chizumulu, kumene magetsi ankadalira majenereta a dizilo wobwera pa sitima ndipo ankazimitsidwa usiku, kampani ya EGENCO inamanga malo a sola okhala ndi mabatire mu 2020, majenereta n'kutsala ngati othandizira. Chilumba chili ngati sitima imene yaponya nangula kosatha, ndipo njira imene anatsata kumeneko ndi yomwe ija ya Emerald Ace. Asodzi a usipa, amene kale ankakopa nsomba ndi nyali za palafini, ambiri tsopano amagwiritsa ntchito mababu oyendera batire. Ku Mbita, m'mphepete mwa Nyanja ya Victoria ku Kenya, kampani ya Asobo inayamba kubwereketsa asodzi mainjini a magetsi, mabatire ake akudzazidwa ndi dzuwa kumtunda masana pamene asodzi akugona. Njira imeneyi ikuyankha zovuta ziwiri nthawi imodzi: mapanelo sakwera m'boti mmene mulibe malo chifukwa cha makoka, ndipo msodzi safunika kupeza ndalama zogulira zonse pakamodzi.

Komiti ya pa gombe kapena gulu la banki mkhonde likafikiridwa ndi wogulitsa zipangizo zotere, mafunso oyenera kufunsa ndi omwe aja anafunsa akatswiri a ku Japan, kungoti pa muyeso waung'ono. Ulendo ndi wa makilomita angati, ndipo ndi wa liwiro lotani? Batire lidzatha liti, lina lidzagulidwa ndi ndalama ziti, ndipo lakufalo lidzatayidwa kuti kuti lisaipitse madzi akumwa? Chikawonongeka, wokonza ali pa boma kapena ali kunja kwa dziko? Funso lalikulu koposa ndi la mwera. M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti mphepo imeneyi imautsa mafunde otha kumiza boti, ndipo nthawi zina imabwera ndi mitambo ya chiperoni. Boti limene batire lake lathera pakati pa nyanja mwera ukuwomba ndi bokosi la maliro. Pa ulendo wautali, injini ya petulo iyenera kukhalapobe kumbuyo, ngakhale itamalizidwa kamodzi pa mlungu. Ena angaone ngati kutero ndi kubwerera m'mbuyo, koma ndilo tanthauzo lenileni la haibulidi, ndipo eni sitima za mamita 200 sachita nazo manyazi.

Madzulo ku Point mphepo imatembenuka, ndipo fungo la mchere limasakanikirana ndi la dizilo. Sitima yonyamula magalimoto imasuntha kuchoka pa malo ake, maboti awiri ali m'mbali. Ikamadutsa pa khomo, khoma lake limatchinga Bluff yense, ndipo oweza nsomba amakweza zingwe zawo kuti funde lake lidutse. Munthu woima pansi sangaone ngati padenga pake pali mapanelo kapena ayi. Chimene amamva ndi kugunda kwa injini m'chifuwa mwake. Kunja kwa khomo katswiri uja amatsika, sitimayo imakhotera kum'mawa, ndipo ina mwa zodikira zija imazula nangula kuti itenge malo ake.

Ku Bayhead mzere wa malole wasuntha pang'ono. Dalaivala wina wochokera kumpoto kwa Zambezi wayatsa kachitofu pambali pa matayala, madzi a nsima ali pamoto. Pa galasi lakutsogolo waika kapanelo kakang'ono ngati buku la sukulu, kamene katchaja foni yake tsiku lonse injini ili chizimire. Akuichotsa pa waya kuti aimbire kunyumba, kuwauza kuti kontena silinatulukebe.